Mapiritsi a Malemu Yoram

1. Tsiku logawa katundu

Mwezi utatha chiwaikireni m'manda a Yoram Zimba, abale anasonkhananso pamudzi pawo, kufupi ndi Manyamula, kudzagawa katundu. Pamaliro anthu amenewa ankangoyasamula, koma tsikuli anafika mame asanakamuke. Ena anabwera atapinda matumba m'khwapa. Manyazi anawasiya kwawo.

Keziya, mtsikana wa Sitandade 8, anakhala cha pambali ndi amayi ake, a Felesta. Malemuwo anali mng'ono wawo wa agogo ake aamuna, a Zondwayo. Bambo ake a Keziya anali kumigodi ku Kitwe, choncho amene ankayendetsa zonse anali a Jones, bambo ake aang'ono.

Wailesi a Jones anadzipatsa okha. Njinga inapita. Mtondo unapita. Bulangete lomwe malemu anafera, losachapa, amuna awiri andevu zawo analimbirana, wina kukokera uku wina uko, mpaka linang'ambika. Keziya anayang'ana kumbali.

Wamasiye, a Mavis NyaChisi, anali pamphasa atavala zakuda, akuonerera mbale zawo zikulowa m'matumba a eni.

A Zondwayo, monga mkulu, anasankha jekete la malemu. Analivala pomwepo. Atapisa m'thumba anatulutsa kathumba kodzaza ndi mapiritsi oyera. Nkhope yawo inawala ngati atola nyama.

"Alamu," anatero a NyaChisi, "tengani jekete, tengani nsapato, denga ngati mukulifuna sasulani. Koma mapiritsiwo asiyeni. Anali a matenda awo. Ndikawataya m'chimbudzi."

"Mankhwala a boma kutaya m'chimbudzi?" a Zondwayo anaseka. "Ine ndi Yoram tinayamwa bere limodzi. Magazi athu ndi amodzi. Chimene chinkamuthandiza iye chindithandizanso ine."

"Alamu, mverani..."

"Amama," a Jones anadula, "wamasiye salankhula pogawa katundu. Mbwenu basi, khalani chete."

Kathumbako kanabwerera m'thumba la jekete.

2. Chitini cha agogo

Kwathu kuno mkamwana sayandikira apongozi ake aamuna. A Felesta akafuna kulankhula ndi a Zondwayo ankagwada kutali, cha kunkhokwe, maso pansi. Choncho wopereka madzi ndi chakudya kwa nkhalambayo anali Keziya. Mdzukulu yekha ndiye amalowa m'nyumba ya agogo ake n'kumaseka nawo. Iwo ankamutcha "mkazi wanga".

A Zondwayo anali ndi chitini chimene anabwera nacho kuchokera ku Joni kalekale. Poyamba chinali cha fodya wa m'mphuno. Tsopano ankasungiramo mankhwala. Munali mapiritsi awo a kuthamanga kwa magazi, ochokera kuchipatala cha pa Boma. Munali ofiira amene mwana wawo anatumiza kuchokera ku Kitwe. Munali ena ogula pamsika kwa mnyamata woyala pansi. Timapepala tonse tosonyeza kamwedwe kake anakoleza nato moto. M'chitini momwemo anakhuthuliramo ndi a malemu aja.

Tsiku loyamba kusuzumiramo, Keziya anatseka mphuno. Mapiritsi ena anali atamatirirana ndi thukuta la m'manja. Ena anali atasanduka achikasu. Fodya wakale anali atawadetsa onse, ndipo pakona panali tsitsi la imvi ndi ndowe za mphemvu.

"Agogo, zimenezi mumameza?"

"Iwe mkazi wanga, wayamba liti kunyansidwa ndi amuna ako? Patse madzi."

Ankasankha ndi chala ngati mwana wosankha masiwiti. "Lero msana, ndimwa chofiira. Tiwiri ta Yoram, mng'ono wanga andibwereke mphamvu."

Sabata isanathe zinayamba. Dzuwa likakwera nkhalamba ija inkatuluka thukuta ngati yathiridwa madzi. Manja ankanjenjemera. Tsiku lina inaitana Keziya ndi dzina la mkazi wake amene anamwalira kale. Ikamwa thobwa inkabwerera mwakale n'kuyamba kukalipira anthu kuti akuiyang'aniranji.

A Jones sanavutike kuganiza. "Ndi amama NyaChisi," anauza mudzi wonse. "Njinga ija ikuwawawa. Anatha mwamuna wawo, tsopano ayamba adada. Aliyense wa nyumba ino asapondenso pakhomo pawo."

Ndiye ufiti umenewo wa amuna ena. Chilichonse chikavuta, amayang'ana mkazi amene alibe womuyankhulira.

3. Mawu a wamasiye

Keziya anamva lamulolo. M'mawa mwake anasenza ndowa ngati akupita kuchitsime, koma atafika pamtengo wa muwanga anakhotera kwa a NyaChisi. Anawapeza akupera chimanga pamwala, pakuti mtondo unali utapita.

"Odi, agogo."

"Wabwera kudzatenga mwalawu? Nyamula, wotsala ndi womwewu."

Keziya anagwada n'kufotokoza za thukuta, kunjenjemera ndi thobwa. A NyaChisi anasiya kupera. Analavula malovu pambali.

"Tamvera, mwana iwe, ndipo umve ndi makutu onse. Agogo ako a Yoram ankadwala shuga. Mapiritsi oyerawo ntchito yake ndi kutsitsa shuga m'magazi. Zaka zonsezi wowapatsa ndinali ine. Adokotala anandiuza kuti akamwa adye, asapite kumunda ndi njala. Tsiku limene ankachedwa kudya ankachita zomwe ukunenazo, thukuta, kunjenjemera, kubwebweta. Ndinkasungunula shuga m'madzi n'kuwamwetsa msanga asanakomoke. Ameneyo anali munthu wodwala shuga. Nanga alamu anga, amene alibe matendawo, akutsitsa chiyani? Akudzikumbira manda ndi chala chawo chomwe.

"Akuti bere limodzi. Bere limodzi! Nsapato za malemu zinawakwana? Si ndinaona akutsimphina nazo popita kutchalitchi? Jekete ungavale la mnzako, likakuthina uvula. Piritsi ukameza sungavule. Anthu osusuka! Akanatha akanagawana ndi matenda omwe, bola zikhale zaulere."

"Agogo, bwanji osakawauza?"

"Ine? Ndinanena pamaso pa mudzi wonse, anandikhalitsa chete. Ndikakanenanso ati mfiti yabwera kudzaona ngati nyama yapsa. Iwe ndiwe umalowa m'nyumbamo, ndipo sukulu ukupita. Ine ndinalekezera Sitandade 3, koma pepala la mankhwala a amuna anga ndinali nalo, ndinkalisunga m'Baibulo. Nalonso Baibulolo linapita. Tenga pepala. Piritsi lililonse ulembe maonekedwe ake, anawapatsa ndani, ndi la matenda anji, amamwa angati, nthawi yanji. Chimene sakudziwa ulembe kuti sakudziwa, usapeke. Ukatero upite nalo kuchipatala pamodzi ndi chitinicho. Nkhalamba imaiwala. Ikafika pamaso pa adokotala imangoti, ‘Ndimamwa toyera.’ Toyera n'chiyani? Ufa nawonso ndi woyera.

"Ndipo oyerawo uwaletse lero lomwe. Akakana, usawalole kuchoka pakhomo asanadye. Tsopano nyamuka, angakuone. Ndowayo ukatungiremo madzi, usabwerere yopanda kanthu ngati chitsiru."

4. Kukhola

Madzulo a tsikulo Keziya anathothola pepala pakati pa kope lake la masamu. Anakhala pakhonde pafupi ndi agogo ake.

"Amuna anga," anatero mwanthabwala, "mkazi wabwino amadziwa zimene mwamuna wake amameza. Tsegulani chitini tione chuma chathu."

A Zondwayo anakondwa. Anatulutsa limodzilimodzi, Keziya akulemba. Za a kuthamanga kwa magazi ankadziwa. Ofiira a ku Kitwe anati ndi a mphamvu. A pamsika anati ndi a chilichonse. Mizere yambiri Keziya analemba kuti, "Sakudziwa."

"Agogo, oyerawa ndi a shuga. Inu shuga mulibe. Asiyeni."

Nkhope ya nkhalamba inasintha. "Wamva kwa yani?"

Keziya anapinda pepala lake.

"Wapita kwa mkazi uja eti? Zimene anandisiyira mng'ono wanga, iwe kamwana ka dzulo undiletse? Choka!" Anatseka chitini n'kuchiponya m'thumba la jekete.

M'mawa mwake linali tsiku lopita ndi ng'ombe kudibi. Keziya analawirira kuphika phala, koma pofika nalo anapeza m'nyumba mulibe munthu. Pansi panali kapu ya madzi yomwera mankhwala. Anathamangira kukhola, phala lili m'manja. Agogo ake anamubweza ndi ndodo. "Phala la akazitape sindidya."

Dzuwa litakwera kunamveka mfuu. Keziya anapeza anthu atazungulira pachipata cha khola. A Zondwayo anali gone m'ndowe za ng'ombe, jekete lonse litanyowa ndi thukuta, dovu likutsika m'ndevu. Maso anali otsegula koma sankazindikira munthu. Milomo inkangoyenda. Amayi ake a Keziya anali atagwada kutali, akulira, osatha kuyandikira.

"Mangani ngolo!" a Jones ankakuwa. "Tipite nawo kwa sing'anga, akatiuze chimene tikuchidziwa kale!"

Pomwepo anthu anapatuka. A NyaChisi ankabwera ndi zovala zawo zakuda, kapu ili m'manja.

"Amama, imani pomwepo!" A Jones anakweza chibonga. "Mwabwera kudzamaliza?"

"Ndi shuga ndi madzi, Jones. Shuga amene ndinabisa mumphika tsiku lija munkasesa m'nyumba mwanga. Amwetse abambo ako akadali kumeza."

"Aliyense wokhudza kapu imeneyo adziwe kuti ali mbali imodzi ndi mfiti."

Panalibe anasuntha. Amuna akuluakulu, ena madikoni a mpingo, ankangoyang'ana zala za kumapazi kwawo. Ntchentche zinayamba kutera pamilomo ya nkhalamba.

Keziya anadutsa pansi pa chibonga chija n'kulandira kapu ndi manja awiri.

"Keziya! Adada akafa, iwe ndi mayi ameneyu mukaolera kundende!"

Keziya anayang'ana bambo ake aang'onowo. Anakweza kapu n'kumwako iye mwini, anthu onse akuona. Kenaka anagwada m'ndowemo, nanyamula mutu wa agogo ake n'kuutsamiritsa pachifuwa pake. Fungo la jekete, fodya ndi thukuta linamukwera m'mutu, koma sanatembenuke.

"Amuna anga, imwani. Ndine mkazi wanu."

Anadonthezera pang'ono pamlomo. Kholingo linayenda. Anawonjezera pang'ono, linayendanso. Anapitiriza choncho mpaka kapu inatha.

Anthu anadikira. Kenaka maso a nkhalamba anayamba kuyenda. Anayang'ana Keziya, anayang'ana khamu lija.

"Mwaunjikana chiyani? Ng'ombe zapita kudibi?"

Amayi ena anaseka misozi ili m'maso. Koma a Jones anatsitsa chibonga n'kunena kuti, "Mwaona? Womanga ndi yemwe amamasula."

Apo a Felesta, amene chikwatiwire sanakwezepo mawu pamaso pa apongozi awo, analankhula ali chigwadire kutali komweko. "Alamu, zakwana. Lole ya a Salimu ili pagolosale, ikupita ku Boma ndi nyemba. Adada apite kuchipatala."

Pokweza nkhalambayo pamatumba a nyemba, Keziya anapisa m'thumba la jekete n'kutenga chitini. Pepala lija linali kale m'malaya ake.

5. Pa Boma

Kuchipatala a Zondwayo anawagoneka pabedi, nawayeza magazi. Namwino wamkulu wa muwodimo anali Mayi Margaret, a ku Ntcheu, a imvi m'mutu. Anafunsa nkhalambayo kuti imamwa mankhwala anji.

"Toyera," anayankha a Zondwayo.

Keziya anapereka pepala ndi chitini. Mayi Margaret anawerenga pepalalo mpaka pansi, napita nalo kwa adokotala. Atabwerako anakhuthulira chitini m'mbale yachitsulo. Pamodzi ndi mapiritsi munagwa mphemvu youma. Anabwerera m'mbuyo atagwira pakamwa.

"Mayo ine! Bambo, nkhuku yomwe singatole izi."

Anakhala pampando n'kuyang'ana onse, a Jones, a Felesta ndi Keziya.

"Mundimvere, chifukwa sindibwereza. Bambo awa alibe shuga. Amamwa mankhwala a munthu wa shuga, ndiye shuga wa m'thupi mwawo anatsika mpaka kutsala pang'ono kutha. Palibe anawalodza. Mfiti yawo ndi iyi ili m'mbalemu. Akanafika kuno atakomoka, popanda pepalali, ife tikanayamba kufufuza malungo, kufufuza sitiroko, nthawi ikupita. Amene anawamwetsa shuga anachita bwino, pakuti anali akumeza. Koma mudziwe, munthu akakomokeratu musamuthire kanthu m'kamwa, angatsamwe. Muthamange naye kuno.

"Agona kuno, chifukwa mankhwala amenewa amachedwa kutuluka m'thupi, akhoza kuwagwetsanso. Zonse zili m'mbalezi tikataya. Tiwapatsa atsopano a kuthamanga kwa magazi, ndipo akhale m'kathumba kake, osasakaniza. Anthu okalamba thupi lawo silichedwa kugonja. Piritsi limene mnyamata angameze n'kukalima, nkhalamba limaigwetsa. Tsono inu ana mumati mukuwakonda, uyu atumiza ake, uyu agula pamsika, wina apereka a malemu, osafunsana. Chikondi chanji chopha nacho kholo?

"Iwe mtsikana, tenga pepala latsopano. Pamwamba dzina lawo. M'munsi dzina la mankhwala, matenda ake, angati, nthawi yanji, anawapatsa ndani. Dzinalo ndikuuza ine, ulembe momwe lilili. Wina akabweretsa mankhwala ena, ngakhale a zitsamba, asamwe mpaka adokotala aone ndipo alembedwe apa. Adokotala akasintha, ufufute akalewo. Ulembe mapepala awiri, lina likhale ndi amayi ako. Bambo, kadi ya chipani mumaisiya kunyumba mukamabwera ku Boma?"

"Iyayi," anatero a Zondwayo.

"Pepalali muziyenda nalo chimodzimodzi."

Keziya analemba, namwinoyo akumuuza chilembo chimodzichimodzi. Pepala latsopanolo linali ndi mzere umodzi wokha. A Zondwayo analiyang'ana monyansidwa.

"Mankhwala onse aja, kutsala kamodzi? Yewo chomene, mkazi wanga. Wandisaukitsa."

"Koma muli moyo, agogo."

"Moyo wopanda katundu," anang'ung'udza, koma dzanja lawo linagwira la Keziya ndipo silinamusiye.

A Jones sananene kanthu za a NyaChisi, ngakhale liwu limodzi lopepesa. Anangosendera kwa namwino n'kufunsa chapansipansi ngati chitini chopanda kanthucho angabwerere nacho, pakuti ndi cha banja.

Mayi Margaret sanawayankhe. Ankasanthula mapiritsi oyera m'mbale muja ndi kamtengo, nkhope itachita makwinya.

"Mtsikana, a malemuwa anali ochuluka bwanji?"

"Kathumba kanali kodzaza, mayi."

"Apa ndi ochepa. Akanameza onse osowawo tikanawaika dzana. Bambo, ena ali kuti?"

A Zondwayo anadzutsa mutu papilo monyada.

"Mukundiyesa wadyera ine? Yoram anali ndi mlongo wake. Theka ndinatumiza ku Champhira kwa NyaZimba, mlongo wathu, naye alandireko za m'bale wake. Amakhala yekha, miyendo imamuvuta. Ndinamuuza kuti azimwa tiwiri m'mawa uliwonse."

Mayi Margaret anasiya kamtengo m'mbale.

"Munatumiza liti?" anafunsa Mayi Margaret.

"Lamulungu lapitali."

Cha kudepoti basi yopita kumwera, yodzera ku Champhira, inaliza hutala. A Jones anali akuyang'anabe chitini. Keziya anasolola dzanja lake m'dzanja la agogo ake, naika pepala lija m'manja mwa amayi ake.

"Amama, ku Champhira munthu amatsikira pati?"